Mai Akatha Miyezi Ingapo Osapita Kumwezi: Zifukwa Zake ndi Chimene Banja Liyenera Kuchita

Nkhani iri m'munsiyi inakambidwa ndi mzamba wamkulu wa ku chipatala cha boma lino pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe, pamaso pa mafumu, ankhoswe, anankungwi ndi mamembala a nthambi zonse. Komiti inampempha kuti akambe za mutu umenewu chifukwa mwa milandu ya ukwati imene nthambi ya amai inayesa kuyanjanitsa m'chaka chapitachi, ingapo inayambira pa chinthu chimodzi chomwechi: mai anatha miyezi osapita kumwezi, ndipo a pabanja anaweruza mlandu asanafunse ku chipatala. Mamembala anabvomerezana kuti mau ake alembedwe onse m'lipoti lino, kuti iwo amene sanafike awerenge, nawerengerenso anzao. Mauwo ndi awa.

1. Chifukwa chake nkhani iyi ikambidwa poyera

Nkhani ya kumwezi ndi ya kuseri, ndipo mwa mwambo amai amaikamba paokha kumtondo kapena kudambo, osati pabwalo pali amuna. Komatu ngakhale iri ya kuseri, m'nyumba siibisika. M'midzi mmene mwambo wa mchere ukali kusungidwa, mai akakhala kumwezi aitana mwana kuti adzathire mchere m'ndiwo, ndipo m'mabanja ena mkanda wofiira upachikidwa poonekera kuti mwamuna adziwe. Tsono ikapita miyezi iwiri kapena itatu mwana asanaitanidwe, apongozi ndi alamu ayamba kuwerenga zala. Ngati mwamuna ali pakhomo, anthu akondwera nati mai waima. Ngati mwamuna ali ku Joni chaka chachiwiri, mau oipa amfika pa lamya usiku womwewo. Ngati ali mtsikana wa pasukulu, alandira ndodo asanafunsidwe kanthu. Ndipo ngati miyezi isanu ndi inai ikwana popanda mwana, pamenepo ayamba kufunafuna mfiti imene yamanga mimba, kapena anena kuti mimba yathawira kumsana.

Mau amene afunika kumveka lero ndi akuti kuleka kusamba si nthenda payokha, ndiponso si umboni wa mlandu uliwonse. Ndi chizindikiro chabe, monga mmene kutentha thupi kuliri chizindikiro cha matenda ambiri osiyana. Zifukwa zake nzodziwika, zambiri nzosaopsya, zina zichiritsika, ndipo zowerengeka zitha kupha munthu ngati achedwa. Palibe munthu angazisiyanitse ndi maso okha ali pakhonde.

2. Mmene msambo umayendera

Mwezi ndi mwezi chiberekero cha mai chimadzikonza monga nyumba imene izilidwa poyembekeza mlendo. M'kati mwake mumera khungu lofewa lodzala ndi magazi, loti dzira likakumana ndi mbeu ya mwamuna likhazikikepo. Dziralo lichokera m'kamodzi ka timatumba tiwiri ta mazira tiri uku ndi uku kwa chiberekero, ndipo limatuluka patatsala masiku ngati 14 kuti msambo wotsatira uyambe. Mlendo akapanda kufika, khungu lija lifumuka nilituluka pamodzi ndi magazi. Umenewo ndiwo msambo. Si magazi oipa kapena poizoni amene thupi liri kutaya. Ndi zoyala za mlendo amene sanabwere.

Chiberekero sichichita zimenezi mwa nzeru zake. Chimamvera lamulo, ndipo lamulolo limayenda monga mmene uthenga uyendera m'boma. Ubongo uli ngati mfumu yaikulu. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono, kukula kwake ngati njere ya nandolo, kamene madotolo amakatcha pituitary, ndipo kali ngati gulupu wolandira mau a mfumu. Timatumba ta mazira tiri ngati nyakwawa, ndipo chiberekero ndiwo mudzi. Amesenjala onyamula mau pakati pa onsewa amayenda m'magazi, ndipo dzina lao ndi mahomoni. Uthenga ukaduka pamalo pamodzi mwa malo anaiwa, msambo uleka. Chotero dotolo akamafufuza, afuna kudziwa kuti mesenjala waima pati.

Kwa amai ambiri, kuchokera tsiku loyamba la msambo kufikira tsiku loyamba la msambo wina pamapita masiku a pakati pa 21 ndi 35. Kuchedwa sabata limodzi, kapena kudumpha mwezi umodzi mwa kamodzikamodzi, si chachilendo. Koma mai amene amasamba mwezi ndi mwezi akatha miyezi 3 osaona kanthu, kapena amene amasamba modumphadumpha akatha miyezi 6, ayenera kuonana ndi a chipatala.

3. Choyamba kuganizira ndi pathupi

Mwa zifukwa zonse, chimene chipezeka kawirikawiri ndi pathupi, ndipo nchifukwa chake a chipatala amayamba ndi kuyeza mkodzo wa mai aliyense wa msinkhu wobala, ngakhale iye atalumbira kuti sizingatheke. Pochita zimenezi sali kumnyoza kapena kumkayikira. Afuna atseke khomo limeneli asanatsegule ena, pakuti pali mankhwala amene angapweteke mwana wosabadwa.

Kale kuyeza kumeneku kunali nchito yaikulu. Cha m'ma 1927 ndi 1928 madotolo awiri a ku Berlin, Aschheim ndi Zondek, anaonetsa kuti mkodzo wa mai woyembekezera uli ndi homoni yake yapadera, ndipo ankaubaya m'timbewa nadikira masiku angapo kuti aone chimene chichitike. M'zaka za m'ma 1930 akatswiri a ku Cape Town anapeza kuti chule wina wa m'madzi a ku South Africa akabayidwa mkodzo womwewo amaikira mazira pasanathe tsiku, ndipo achule amenewo anatumizidwa ku zipatala za maiko ambiri. Lero kuli kapepala kakang'ono koviika mu mkodzo, kamene kayankha m'mphindi zochepa, ndipo kamapezeka m'zipatala ndi m'masitolo a mankhwala. Mkodzo wa m'mamawa ndiwo uyenera. Kakakana koma msambo osabwerabe, kuyezako kubwerezedwe pakapita sabata limodzi. Mlandu umene ukadatha ukwati utheka kudulidwa ndi kapepala kameneka tambala asanalire kawiri.

Kakabvomera, mai ayambe sikelo msanga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti mai woyembekezera aonane ndi a chipatala kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale masabata 12 asanathe. Chizolowezi chobisa mimba kufikira ioneke yokha chiri ndi ngozi, makamaka chifukwa cha mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Mwa mimba 100 zirizonse, imodzi kapena ziwiri zimakhazikika m'kanjira kopapatiza kamene dzira limadzeramo. Kanjirako sikatha kutanuka, ndipo mimba ikakula kamaphulika, magazi natayikira m'kati mosaoneka. Mai amene wadumpha mwezi umodzi kapena iwiri, namva ululu wolasa mbali imodzi ya chinena, naona timagazi takuda todontha, kapena kupweteka paphewa, chizungulire ndi kukomoka, anyamulidwe nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya kuli mvula. Nthenda iyi siidikira kuti kuche, ndipo siidikira chilolezo cha mwamuna ali kutali.

Palinso mimba imene mwana amafera m'kati osatuluka msanga, ndi ina imene m'malo mwa mwana mumera timatuza tambirimbiri ta madzi tonga mphesa. Ziwirizi zifuna kuti chiberekero chitsukidwe ku chipatala. Ndiponso mai amene walira mwana zaka zambiri atha kuleka kusamba, mimba nkukula, mawere nkutupa, iye nkumamva ngati mwana ali kugunda, koma m'chiberekero mulibe kanthu. Mai wotere si wabodza, ndipo palibe amene wamubera mwana. Chilakolako ndi chisoni chake zasokoneza amesenjala aja, ndipo afunika kumlankhula mwachifundo. Makina ojambula m'mimba amaonetsa bwino kuti kumsana kulibe malo oti mwana angabisaleko.

4. Zifukwa zitatu zosaopsya

Choyamba ndi kuyamwitsa. Mwana akamayamwa, kachiwalo ka pansi pa ubongo kaja kamatulutsa homoni yopangitsa mkaka yotchedwa prolactin, ndipo pamenepo mau opita ku timatumba ta mazira amaimitsidwa. Chotero mai woyamwitsa atha kukhala miyezi yambiri, ena kupitirira chaka, asanasambe. Koma apa mpamene ambiri amatengera mimba ya mwadzidzidzi. Akatswiri atakumana ku Bellagio m'dziko la Italy mu 1988 anagwirizana kuti kuyamwitsa kumateteza bwino pokhapokha zinthu zitatu ziri pamodzi: mwana asanakwane miyezi 6, ali kuyamwa bere lokha usana ndi usiku popanda phala kapena madzi, ndipo mai asanayambe kusamba. Chimodzi chikasoweka, chitetezo chatha. Popeza dzira limatsogola, msambo nutsatira, mai atha kuima asanaone magazi ndi kamodzi komwe chibadwire mwana wakumbuyo.

Chachiwiri ndi njira zolera. Jakisoni wa miyezi itatu, kaya wa Depo-Provera kaya wa Sayana Press amene mai atha kudzibaya yekha, amaletsa dzira kutuluka, ndipo khungu la m'chiberekero limakhala lopyapyala. Pakatha chaka, pafupifupi theka la amai olandira jakisoni ameneyu aleka kusamba konse. Ena obvala timapulasitiki ta pamkono, monga Jadelle ndi Implanon, amaonanso chimodzimodzi, ngakhale ambiri a iwo amangosamba mosalongosoka. Mantha amene afala m'midzi ndi akuti magaziwo ali kuundana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa. Zimenezo si zoona. Nyumba imene sinayalidwe iribe choti nkusesa. Magazi sanasonkhane, chotero palibe choti chituluke. Koma banja lidziwiretu kuti mai akaleka jakisoni, msambo ndi mphamvu yobala sizibwerera mawa lake. Ambiri amatenga pathupi pakapita miyezi ngati 10 chibayitsire komaliza, ndipo ena chaka chimapitirira. Kumeneko nkuchedwa chabe, si kuuma, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachitatu ndi kukula. Amai ambiri amaleka kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Zaka zingapo nthawiyo isanafike, msambo uyamba kudumpha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mai amamva kutentha kodzidzimutsa kumaso ndi pachifuwa, thukuta la usiku, ndi kusowa tulo. Anganene kuti waleka ndithu pokhapokha itatha miyezi 12 yotsatizana popanda magazi. M'zaka zodumphadumphazo mimba ikali yotheka, ndipo langizo nlakuti mai apitirize kulera zaka ziwiri chisambire komaliza ngati sanakwane zaka 50, kapena chaka chimodzi ngati wapyola. Mai amene analeka kalekale akaonanso magazi, asaganize kuti utsikana wabwerera. Apite kukayezetsa, pakuti chimenecho chitha kukhala chizindikiro cha khansa ya m'chiberekero kapena ya khomo lake.

Asungwana amene angotha msinkhu kumene nawonso amadumpha miyezi m'chaka choyamba ndi chachiwiri, popeza amesenjala ao sanazolowere njira. Anankungwi awauze zimenezi, kuti asachite mantha pachabe, komanso kuti asabise pamene pali chifukwa.

5. Pamene thupi lasankha kusunga mphamvu

Ubongo umayang'anira nkhokwe ya thupi. Ukaona kuti chakudya chachepa, nchito yachuluka, kapena mtima uli pa mabvuto akulu, umaweruza kuti ino si nthawi yonyamula mwana, ndipo uleka kutumiza mau. Pa njala imene inagwa m'mizinda ya ku Holland m'dzinja la 1944 ndi 1945, nkhondo yachiwiri iri kutha, pafupifupi theka la akazi a msinkhu wobala analeka kusamba, ndipo chakudya chitabwerera msambo unabwereranso. Chimene chinachitika kwa Azungu chimachitikanso kwa mai wa kumudzi m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yatha, iye ali kupalira ndi kubandira, napita kuganyu, nabwerako nkupatsa ana ndi mwamuna nsima yonse, iye nkugona ndi chikhotho. Chimachitikanso kwa mtsikana amene adzimana chakudya dala pofuna kuonda, ndi kwa amasewero othamanga amene achita zolimbitsa thupi mopyola muyeso. Maliro, kusudzulidwa, nkhanza za m'nyumba, ngongole ndi mayeso a sukulu zitha kuchitanso chomwecho.

Mankhwala ake a zimenezi sali m'botolo. Ndiwo chakudya chokwanira, nyemba, nsinjiro, mazira, usipa ndi masamba, kupumula, ndi mtendere pakhomo. Koma nkhani isatayidwe chifukwa ioneka yopepuka. Homoni ya timatumba ta mazira yotchedwa oestrogen ndiyonso imalimbitsa mafupa, ndipo mai amene akhala wopanda iyo chaka ndi chaka mafupa ake amafooka, nadzathyoka msanga pa ukalamba.

Matenda a mgonagona amaimitsanso msambo mwa njira yomweyi. Chifuwa chachikulu, kachirombo ka HIV pamene munthu sali pa mankhwala ndipo waonda, nthenda ya shuga yosasamalidwa, ndi matenda a impso ndi a chiwindi, zonsezi zimadya mphamvu ya thupi. Mai amene waleka kusamba ndipo ali kuonda, kutsokomola masabata awiri kapena kuposa, kapena kutuluka thukuta usiku, ayezetse makhololo ndi magazi. Nthendayo ikagonja, kawirikawiri msambo umabwerera wokha. Mankhwala ena a ku chipatala, monga a matenda a misala otchedwa chlorpromazine ndi haloperidol, ndi mankhwala a khansa, amathanso kuuletsa. Wodwala asawaleke yekha, koma auze dotolo amene anampatsa.

6. Pamene amesenjala asokonezeka

Pali nthenda ina imene igwira pafupifupi mai mmodzi mwa 10 alionse, imene madotolo awiri a ku Chicago, Stein ndi Leventhal, anaifotokoza mu 1935, ndipo yadziwika ndi zilembo zakuti PCOS. Mazira amayamba kukula koma osakhwima, nakhala ngati timikanda m'mbali mwa kathumba, ndipo homoni yachimuna imachuluka pang'ono. Mai wotere amasamba katatu kapena kanai pa chaka, amera tsitsi pachibwano kapena pachifuwa, atuluka ziphuphu, ndipo ambiri amanenepa. Anthu amamseka kapena kumnenera zaufiti chifukwa cha ndevuzo, pamene iye ali wodwala chabe. Ambiri a iwo amabala akathandizidwa ndi mapiritsi okhwimitsa dzira, ndipo kwa onenepa kuchepetsako thupi pang'ono kumathandiza. Pa nthenda imeneyi khungu la m'chiberekero limatha kukhuthala kosalekeza, ndipo pakapita zaka lingasanduke khansa. Nchifukwa chake a chipatala amapereka mapiritsi oti mai asambe miyezi ingapo iriyonse, nayang'aniranso shuga wake.

Chithokomiro, chiwalo cha pakhosi chimene chimatupa kwa anthu osowa mchere wa ayodini, chikagwira nchito mofooka mai amamva kuzizira, kutopa, kudzimbidwa, nanenepa. Chikagwira mopyola, mtima umathamanga, manja anjenjemera, ndipo aonda ngakhale ali kudya. Ponse pawiri msambo umasokonezeka, ndipo ponse pawiri mankhwala alipo.

Kachiwalo ka pansi pa ubongo kaja nthawi zina kamamera kachotupa, kamene si khansa, kotulutsa homoni ya mkaka mosalekeza. Mai aona mkaka m'mawere pamene alibe mwana wakhanda, msambo nuleka, ndipo kachotupako kakakula mutu umawawa ndipo maso saona bwino zinthu za m'mbali. Ambiri amachira ndi mapiritsi okha, monga bromocriptine, popanda opaleshoni.

Kachiwalo komweko kathanso kuonongeka mai akataya magazi ochuluka pobereka. Dotolo wina dzina lake Harold Sheehan anafotokoza zimenezi mu 1937. Mai amapulumuka pa uchembere, koma mkaka osatuluka, msambo osabwerera, tsitsi la m'khwapa ndi la pachinena lithothoka, ndipo akhala wofooka zaka ndi zaka, anthu namamutcha waulesi. Atapatsidwa mahomoni amene asowekawo, mphamvu zimabwerera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zoberekera ku chipatala, kumene kutaya magazi kutheka kuletsedwa msanga.

Potsiriza, kwa amai owerengeka timatumba ta mazira timaleka nchito asanakwane zaka 40. Mai wachichepere amamva kutentha ndi thukuta monga agogo ake. Wotere afunika mahomoni oteteza mafupa ndi mtima kufikira msinkhu umene anzake amalekera, ndipo afunikanso abale omgwira mtima, pakuti uthenga umenewu ngwowawa kwa munthu amene akali kufuna ana.

7. Pamene bvuto liri m'chiberekero momwe

Nthawi zina mau amayenda bwino njira yonse, koma mudzi sutha kuyankha. Mai amene anapalidwa m'chiberekero atapita padera kapena atabereka, makamaka ngati munalowa mafinya, atha kukhala ndi zipsera zimene zimata makoma a chiberekero pamodzi. Dotolo wotchedwa Joseph Asherman analemba za bvutoli mu 1948. Chifuwa chachikulu chithanso kulowa m'chiberekero mwakachetechete, munthu osatsokomola, nichiononga khungu lake. Ndipo ndodo, mitengo ndi zitsamba zolowetsa kumaliseche pofuna kutsitsa magazi zimabweretsa zipsera zomwezi kwa iwo amene apulumuka. Ena sapulumuka.

8. Chimene banja lichite

Mai aliyense alembe tsiku loyamba la msambo wake pa kalendala, m'buku la ku chipatala kapena m'lamya, pakuti funso loyamba la namwino ndi limenelo. Akadumpha mwezi ayeze mkodzo. Ikakwana miyezi 3 ndipo alibe pathupi, sali kuyamwitsa, sali pa jakisoni, apite ku chipatala atanyamula buku lake ndi mankhwala onse amene ali kumwa, ngakhale a chikuda. Kumeneko adzamfunsa za kadyedwe, za uchembere wake wotsiriza, ndi za mkaka m'mawere. Adzamuyeza sikelo ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo pakafunika adzamtumiza ku chipatala chachikulu kukayeza mahomoni ndi kujambula m'mimba. Ayankhe zonse mosabisa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Mwamuna amperekeze, ampatse ya ulendo, ndipo asunge pakamwa pake kufikira a chipatala atalankhula. Ankhoswe asalandire mlandu wa mtundu umenewu popanda kufunsa ngati mai wayezedwa. Makolo a mtsikana ayambe ndi kumfunsa mofatsa. Ndipo ngakhale atapezeka ndi pathupi, akumbukire kuti kuyambira 1993 lamulo la sukulu m'Malawi limalola mtsikana kubwerera m'kalasi atabereka. Mtsikana woopa ndodo ndiye amathamangira kwa wozula zitsamba usiku, ndipo makolo amene anakana kumva nkhani ya mimba amadzamva nkhani ya bokosi.

Mafunso a mamembala

Mzambayo atakhala pansi, a pampando anatsegula nthawi ya mafunso. Nankungwi wina wachikulire anafunsa ngati si zoona kuti mai amaleka kusamba chifukwa magazi atha m'thupi. Mzambayo anayankha kuti, "Amai, mwaona bwino kuti ziwirizi zimayendera limodzi, koma chimodzi sichibala chinzake. Kuchepa magazi ndi kuleka kusamba kawirikawiri ndi ana a mai mmodzi, ndiye njala kapena nthenda. Mukaona mwana wanu manja ayera ndipo sali kusamba, mubwere naye tifune mai wa zonsezo."

Mfumu ina inafunsa za mtsikana amene sanayambe nkomwe kusamba pamene anzake onse anatha msinkhu. Iye anayankha kuti wotere akafika zaka 15 aonedwe ku chipatala, ndipo msanga koposa ngati amva kupweteka m'chinena mwezi ndi mwezi popanda magazi, chifukwa pena khomo limakhala lotsekeka chibadwire, ndipo opaleshoni yaing'ono imalitsegula.

Bambo wina amene anagwirapo nchito ku Joni anafunsa mmene mwamuna ali kutali angadziwire zoona. Mzambayo anati, "Bambo, mau a mlamu si kapepala ka ku chipatala. Tumizani ndalama ya ulendo, mupemphe mkazi wanu apite ndi mai anu kapena mchemwali wanu. Safunsa anadya phula, ndipo ambiri asudzula mkazi wodwala chithokomiro namuyesa wachigololo."

Pomaliza a pampando anathokoza mzambayo m'malo mwa mamembala onse. Msonkhano unabvomereza kuti nthambi iriyonse iwerenge nkhaniyi pa msonkhano wake woyamba wa chaka chikudzachi, amai ndi abambo ali pamodzi, ndi kuti thumba la chithandizo la Bungwe lilipire ulendo wa mai aliyense wosowa amene a chipatala chaching'ono amtumiza kukayezedwa ku chipatala chachikulu.